Yemwe Anafukula Bwalo la Balcraggan

Balcraggan, 14 Januwale 1963

Innes mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu Shona ndi ana kumeneko ku Winnipeg. Ife tilipo, mlamu wako Netta akudandaula mawondo monga mwa masiku onse. Moni athere pomwepa, chifukwa pepalali ndi laling'ono ndipo ine ndapsa mtima.

Unamva kale kuti m'chikho cha mpira cha chaka chino atigwetsera Portskail, pakhomo pathu. Chimene sunamve ndi ichi. Maere a ndime yotsatira achitika, ndipo wopambana pakati pa ife ndi onunkha nsomba aja adzalandira timu yaikulu ya ku Glasgow pabwalo pake. Ndaima kuseri kwa golo ija zaka makumi anayi ndi chimodzi, Innes. Ndaonerera tikugonja ndi matimu a m'midzi yoti ngakhale basi siima. Bambo anamwalira asanaone jezi za ku Glasgow pa udzu wathu, ndipo ine sindifuna kuwatsata chimodzimodzi. Portskail tiimenya. Tili ndi Eck Pirie pagolo, munthu woti mpira ukamuona umapempha kubwerera.

Koma masewerowo achitike bwanji? Anayenera kuseweredwa Loweruka lapitali. Woyimbira anabwera pa sitima, anaponda pabwalo n'kumira m'chipale chofewa mpaka m'mawondo, anamwa tiyi wa komiti, basi n'kubwerera kwawo. Akuti azibwera Lachisanu lililonse mpaka bwalo litaoneka.

Lioneka bwanji pamene wolisamala ndi mlamu wathu Wattie Geddes? Ishbel mlongo wathuyu anasankha bwanji, sindidziwa. Chisanu chisanayambe sanayale mapesi pa udzu. Chipale chitagwa sanakhudze fosholo. Ndinamupeza m'kanyumba kake akuotha moto.

"Alamu, bwalo lija mwalikwirira dala kapena?"

"Chipale n'chofunda cha udzu, alamu," akutero. "Chisiyeni chigone."

Chofunda! Ndinamuuza pamaso kuti ulesi ukanakhala mpira, bwenzi iye ali kaputeni wa timu ya dziko lino. Ine sindinenera munthu kumbali, umandidziwa.

Tsono iwe ntchito yako n'kuchotsa chipale pa njanji. Ndilembere msanga mmene mumachitira: poyambira, zida zake, anthu angati. Usandilembere za nyengo ya kwanuko kapena za mano a ana. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kupita kukasema miyala, koma ukalemba zomveka ndimva.

Mkulu wako,
Dod


Winnipeg, 22 Januwale 1963

Achimwene,

Kalata yanu yafika dzulo ikadali yotentha. Tonse tili bwino, ndipo za mano a ana ndazisiya monga mwalamula, ngakhale awiri atuluka.

Zaka khumi ndi zisanu ndili kuno simunandifunsepo nzeru, ndiye lero ndilemba mosamala. Musayambire m'mphepete, mungapondereze chipale n'kuchisandutsa mwala. Tsegulani kanjira kamodzi mpaka pakati pa bwalo, kenako muzidula zigawozigawo mukubwerera kunja. Wilibala imakumba udzu. Pezani malona kapena malata akale, muzithira pamenepo n'kumakoka anthu awiriawiri. Chapansi penipeni musachipale ndi chitsulo, sesani ndi matsache olimba. Pagolo pamene paundana, ikani migolo yoboola muyatsemo malasha, koma muiimike pa njerwa. Mchere musayerekeze, mupha udzu mpaka chaka chamawa. Mukamaliza yalani mapesi. Anthu makumi anayi, masiku atatu, bwalo lioneka.

A Wattie musawanyoze kwambiri. Ine ndimawakumbukira ngati munthu amene ankadula udzu wa pagolo ndi sizasi. Mwina akudwala. Mwawafunsa bwinobwino, kapena mwawafunsa mwa Dod?

Mukandisungire pulogalamu ya masewerowo. Kuno anthu amathamangitsana ndi ndodo pa ayezi n'kumati ndi masewera. Ndikawauza za Balcraggan amafunsa ngati ndi dzina la mankhwala a chifuwa.

Moni kwa alamu a Netta.

Mng'ono wanu,
Innes


Balcraggan, 28 Januwale 1963

Innes,

Uli bwanji iwe ndi a kunyumba kwako? Ndikulemba mothamanga chifukwa Netta wanditsina khutu kuti achimwene akulembera kufunsa za chipale. Ngati sunayankhe, usayankhe. Ngati wayankha, Mulungu akukhululukire, ine ndiganiza kaye.

Tamvera. Eck Pirie anathyoka dzanja tsiku la chaka chatsopano. Ankayenda m'makomo ndi khala la malasha ndi botolo la mowa monga mwa mwambo wa tsikulo, anaterereka pa masitepe a apongozi ake, n'kuteteza botolo m'malo mwa dzanja. Ali m'chikhakha mpaka pa 20 Febuluwale. Wolowa m'malo mwake ndi Tosh Birnie wa kubutchala uja. Tosh ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo akavula magalasi sasiyanitsa mkazi wake ndi kabati.

Ndiye a komiti anamuuza mwamuna wanga kuti, "Wattie, bwalo lisaoneke mpaka Eck atachira." Wattie amapita m'mamawa kukathira madzi pagolo kuti paundane bwino. Munthu wokonda udzu ngati ana ake, amabwera kunyumba osadya. Pamwamba pa izo azinyozedwa ndi mlamu wake m'bala anthu akumva.

Tauni yonse ikudziwa. Eck akuyenda m'chikhoti chachikulu, tikumati ali ndi chimfine. Koma akuluakulu a mpira ku Glasgow akamva kuti tikuchita dala, atichotsa m'chikho osamenya n'komwe mpira. Wa nyuzipepala amamwera bala imodzi ndi achimwene. Ukudziwa iwe kuti kuuza Dod chinsinsi n'kutungira madzi m'dengu. Iwo amati n'kulankhula chilungamo. Kodi suja anauza mkwati pa ukwati wa msuweni wathu kuti diresi lamuthina pamimba, abusa ali pomwepo?

Tinagwirizana kuti tiwasiye azikalipa, pakuti paokha sangafukule bwalo lonse, ndipo palibe wa muno amene akawathandize. Chonde alembere kuti chipale cha kuno n'chosiyana ndi cha kwanuko, kapena bodza lililonse limene anthu a njanji mumanena sitima ikachedwa. Telegalamu usatumize, imadutsa m'manja ambiri.

Mlongo wako,
Ishbel


Winnipeg, 4 Febuluwale 1963

Achimwene,

Siyani fosholo. Werengani kaye mpaka pansi musanang'ambe.

Achemwali a Ishbel andipempha kuti ndikunamizeni, koma ndakhala ndi cholembera ola lathunthu ndipo bodza loti inu mungalikhulupirire sindikulipeza. Ndiye nachi choona. Eck Pirie ali ndi chikhakha kudzanja mpaka pa 20. Mukafukula bwalo tsiku limenelo lisanafike, pagolo paima Tosh wa kubutchala. A Wattie si aulesi, akutsatira zimene komiti inawauza. Zonse zimene ndinakulemberani zija ziikeni pamoto.

Ndipo pakamwa, achimwene. Milungu iwiri yokha. Ngati mawu akukuyabwani, kalankhuleni ndi miyala kuntchito, siidziwana ndi wa nyuzipepala.

Ndathamanga nayo ndekha ku positi kuti ikwere ndege ya mawa.

Innes


Balcraggan, 8 Febuluwale 1963

Innes,

Moni nonse. Bwalo laoneka! Woyimbira wayenda pa udzu lero masana, wagwetsa mpira n'kuona ukudumpha, wati mawa tisewera. Kalata yako ya malona ndi migolo ija ndinaikhoma pachitseko cha kanyumba ka Wattie. Pa banja lathu lonse, iwe wekha ndiwe unatuluka ndi mutu.

Koma ndikuuze za anthu a tauni ino, uchite manyazi kuti unabadwira kuno. Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha ondithandiza. Wina msana, wina nyamakazi, wina mkazi wake wabwereketsa fosholo kwa munthu amene sakumukumbukira. Amuna amene Loweruka lililonse amakuwa kuti angafere Balcraggan! Abusa anandiuza kuti zimene Mulungu waphimba munthu asafulumire kuvundukula. Ndinawafunsa ngati njira ya kutchalitchi inadzisesa yokha.

Ndiye Lolemba ndinakaika chilengezo m'nyuzipepala, kuitana mwamuna aliyense wokonda mpira kuti abwere ndi fosholo Lachitatu. Lachiwiri madzulo Wattie anabwera kunyumba, chipewa m'manja, akuti, "Alamu, pali kanthu koti tikambirane." Ndinamuuza kuti tidzakambirana udzu ukaoneka, n'kutseka chitseko.

Lachitatu m'mawa ndinali ndekhandekha pageti. Kenako ndinamva nyimbo. Malole awiri, Innes, odzaza amuna a ku Portskail! Ndinagwira fosholo ngati chibonga, ndimati abwerera ndewu. Anatsika wamkulu wawo, chimunthu chotchedwa Zander Coull, n'kuvula chipewa.

"Ndinu bambo Mutch? Tamva kulira kwanu. Tiuzeni poyambira."

Amuna makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndi malona a m'maboti mwawo, malasha awoawo. Masiku atatu agwira ngati akapolo. Pagolo ankasesa mogwada, kuchita kupasisita ndi manja. Sindidzawatchulanso onunkha nsomba, ngakhale kununkhako akununkhadi.

Wa nyuzipepala anabwera kudzajambula, ndiye a Farquhar, wapampando wa komiti, anakakamizika kugwira fosholo n'kumwetulira. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuzulidwa dzino. Wattie anangoima potero, n'kunena chapansipansi kuti, "Alamu, mwatipha." Ndinati, "Manyazi sapha munthu, gwirani tsache."

Pa tiyi Zander anandifunsa, "Nanga Eck Pirie wanu ali bwanji?" Ndinamuuza kuti kachimfine chabe, mawa mukamuone, simudutsa. Anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Anthu osangalala ngakhale akudziwa kuti akukagonja. Ndinamumvera chisoni pang'ono.

Positi yochokera kummwera siinafike chiyambire Lachitatu, akuti sitima yatitimira kumapiri. Ngati unalembanso, ndidzawerenga titapambana. Mawa bambo akanakhala ndi moyo!

Dod


Balcraggan, 12 Febuluwale 1963

Innes,

Tilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo. Zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu.

Sindikudziwa ngati ndikukwiyire iwe kapena sitima. Kalata yako yachiwiri inagona kumapiri masiku asanu, yafika dzulo. Yoyamba ija, yophunzitsa kupha anthu, inafika pa nthawi yake bwinobwino.

A ku Portskail ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Namwino amene anamanga Eck chikhakha ndi mkazi wa kaputeni wawo. Ankangosowa njira yolowera pabwalo pathu popanda kuoneka adyera, mpaka achimwene anawaitana m'nyuzipepala.

Matimu atatuluka, Tosh anathamangira kugolo mimba ili patsogolo, n'kupereka magalasi kwa wapolisi kuti amusungire. Ndinali pafupi ndi achimwene. Anayamba kukuwa, "Eck ali kuti? Uyu wabwera kudzagulitsa soseji?" Eck anali pabenchi m'chikhoti chake. Anaimirira, n'kutulutsa dzanja, n'kulikweza m'mwamba loyera mbee. Anthu zikwi ziwiri anatembenuka kuyang'ana munthu mmodzi. Sindinaonepo achimwene atatsegula pakamwa popanda kutuluka mawu.

Chigoli choyamba Tosh anagwera kumanzere mpira ukulowa kumanja. Chachitatu anauzidwa ndi wapolisi kuti chalowa. Udzu wokha unali wokongola, mpira unkayenda ngati pa tebulo, ndipo Wattie ngakhale ankalira ananena kuti sanauonepo choncho mu Febuluwale. Pachigoli chachisanu a ku Portskail anayamba kuimba dzina la Dod Mutch. Atatha masewero anafuna kuwanyamula pamapewa. Mmodzi wabwerera kwawo ndi mlomo wotupa.

Dzulo achimwene anabwera kwathu ndi kalata yako m'manja. Sanagogode, sanakhale pansi.

"Ankadziwa ndani?"

Ndinati, "Mufunse kuti sankadziwa ndani, tithe msanga."

"Abusa?"

"Abusa."

"Netta?"

"Chikhoti cha Eck chija anakulitsa mkono wake ndi Netta, pa makina a m'nyumba mwanu, inu mukuwerenga nyuzipepala."

Anagwira mpando. "Ndiye nonsenu, tauni yathunthu, munandiyang'ana ndikuyenda khomo ndi khomo ngati wamisala. Bwanji osandiuza?"

Ndinali nditakonzeka kulalata, koma ndinangofunsa kuti, "Achimwene, mukanasunga?"

Anayang'ana kalata ija m'manja mwawo. Kenako anati, "Ayi." Anatembenukira Wattie, ndimati apepesa. Anati, "Koma mukanatseka geti ndi loko, alamu. Munthu wanzeru akanatseka." N'kutuluka.

Kubala sakuwalankhula. Pachitseko chawo wina wapachikapo nsomba. Alembere, koma usawamvere chisoni poyera, angakudule ubale.

Ishbel


Balcraggan, 3 Malichi 1963

Innes,

Makalata ako awiri ndalandira. Ndikuona ukuyenda chonyang'ama ngati pali maliro. Palibe wamwalira. Ana apatse moni, Netta tikulankhulana tsopano, ngakhale makina osokera aja ndawatulutsa m'chipinda chochezera.

Ndinene mosabisa. Bwalo ndinafukula ndine. Nzeru zinali zako, koma fosholo inali yanga, ndipo sindibisala kumbuyo kwa sitima.

A ku Glasgow anabwera ku Portskail pa 23. Zander Coull ananditumizira tikiti ya mpando wapamwamba, pafupi ndi a meya awo, ndi kakalata koti ndine mlendo wolemekezeka. Ndinaiyang'ana tikiti ija masiku atatu. Mtunda wa mamailosi khumi ndi awiri okha, Innes, ndikanawaona ndi maso angawa. Koma ine sindinadikire zaka zonsezi kuti ndikawaonere pa udzu wa eni ake. Ndinaibweza ndi wogulitsa nsomba. Tsikulo ndinakhala pakhomo n'kumakonza mpanda umene sunali wothyoka. Ndamva a ku Glasgow anawathira zisanu ndi zitatu. Sizinandikomere mmene ndinkayembekezera.

Tsono tamva za dzulo. Eck Pirie wachira. Mpulumutsi uja, amene tauni yonse inanama mpaka abusa chifukwa cha iye, amene mlamu wathu Wattie ankathirira madzi pagolo m'mamawa. Tinasewera ndi Auchterbeg mu ligi, timu ya pansi penipeni, yoti chaka chino inali isanapambanepo koyenda. Ndinaima pamalo panga. Anthu anandisiyira bwalo ngati ndili ndi khate.

Mphindi zinayi, mpira wofooka woti Netta akanaugwira ndi mawondo akewo, unamudutsa Eck pakati pa miyendo. Ndinangoti, "Chimodzi." Sindinakuwe, koma kunali zii, ndiye anamva onse. Chachiwiri anatuluka kukaudumphira n'kugwira mutu wa mnzake. "Ziwiri." Pachachinayi wina kumbuyo anati, "Khala chete, Mutch!" Ndinati, "Munakhala chete mwezi wathunthu osandiuza kanthu, lero ndikuwerenga."

Chachisanu ndi chimodzi chitalowa ndinatembenukira kumene kunakhala a Farquhar ndi komiti yawo. "Wafanana ndi wa kubutchala tsopano! Uyu ndiye munkamudikira?" Tosh anali pafupi akudya chitumbuwa cha nyama, anandikwezera chipewa.

Kutatsala mphindi ziwiri, chachisanu ndi chiwiri. Innes, ndinadumpha. Manja m'mwamba, chipewa chinagwa, ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Zisanu ndi ziwiri! Akanatimenya a Portskail ngakhale mukanadikira mpaka Khirisimasi! Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimukumbatire, ndipo ndi pamene ndinaona kuti amene tadumpha pabwalo lonse tinali ine ndi anthu khumi ndi awiri a ku Auchterbeg amene anabwera pa basi.

Ndinatola chipewa. Wattie anali pamzere ndi foloko yake yakumunda, akudikira kukonza udzu. Sanandinyoze. Anangoti, "Mwasangalala, alamu?"

Ndinafuna kumuyankha, yankho linalipo ndithu. Koma ndinayang'ana bolodi la zigoli, dzina lathu lili pamenepo ndi duu pambali pake, ndipo ndinakumbukira ndili mwana titagonja, bambo akundikoka dzanja kupita kunyumba. Ndinamuuza kuti, "Ayi." Ndinatenga foloko ina, tinakonza pagolo awiriwiri mpaka tinamaliza.

Pulogalamu ya masewero a Portskail ndakusungira monga unapempha. Pali dzina la Eck pagolo, anaisindikiza mu Januwale.

Loweruka tikupita koyenda, kumapiri, kukakumana ndi timu imene inatithira zinayi chaka chatha. Basi inyamuka 9 koloko. Wolemba maina wandiuza kuti palibe amene akufuna kukhala nane mpando umodzi. Ndamuuza kuti alembe dzina langa basi, nditambasula miyendo.

Mkulu wako,
Dod